Mita inakana mapepala anga: za wotchi yobisika m'makina

Mundipirire, ine si munthu wozolowera kuyankhula pagulu. Ntchito yanga ndi khasu ndi kheni ku dimba ku Nhartanda, ndipo sukulu ndinalekezera kalasi 6 kwathu ku Ulongwe. Koma mwezi watha, pomwe tinkakambirana zogula kompyuta ya kaunjika yoti tizisungiramo mawu amene timajambula potumiza ku wailesi, ndinakweza dzanja n'kunena kuti tiyambe tafunsa ngati ili ya 32 kapena ya 64. Ena munaseka, ndinakuonani, ena munati mlimi wa tomato wayamba liti za makompyuta. A wapampando anati ndikakonzeke ndidzafotokoze bwino. Ndiye lero ndabwera, ndipo zina ndalemba papepala kuopa kunama.

Ndiyambe ndi mapepala awiri ndagwirawa. Ndi a magetsi a Credelec, lililonse la 300 meticais. Ndinawagula mu 2024 nditagulitsa tomato ku msika wa Kwachena. Inu alimi anzanga mukudziwa kuti ndalama ya tomato siigona m'thumba. Ukaisunga, mawa kwagwa maliro, mkuja mwana watentha thupi, basi yapita. Tsono ine ndinali ndi nzeru yangayanga: ndalama ikapezeka ndinkagula magetsi koma osalowetsa mu mita, ija timati contador, n'kubisa mapepalawo m'kachitini pamwamba pa khoma. Ndinkati imeneyo ndi nkhokwe yanga ya mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene m'dimba mumalowa madzi ndalama n'kusowa. Mayi a kunyumba amagulitsa madzi ozizira ndi ayisi, ndiye kwathu filiji ikazima ndiye kuti ndiwo zazimanso.

Tsiku lina ndili ku dimba magetsi anatha. Mayi sankadziwa za kachitini kaja, ndipo apo musandifunse chifukwa chake. Anagula a 100 meticais pa foni. Uthenga utabwera munali mizere itatu ya manambala m'malo mwa umodzi. Mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 11, anati ku wailesi ananena kuti tilowetse yonse motsatana, woyamba, wachiwiri, kenako wa magetsiwo. Analowetsa, magetsi anayaka, nkhani inathera pompo. Ine nditabwera madzulo anandiuza, ndinangoti chabwino, n'kupempha madzi osamba.

Mu Januwale 2025, mvula itakhazikika, ndinatsitsa kachitini kanga monyada. Ndinalowetsa pepala loyamba, mita inakana. Ndinati mwina maso. Ndinaitana mwana kuti aziwerenga ine ndizidina, inakananso. Lachiwiri chimodzimodzi. Abale, thukuta linandituluka ngati ndi mu Novembala. Mlandu sindikuupereka kwa wina aliyense. Wailesi inachenjeza kangapo kuti amene ali ndi mapepala akale ayambe walowetsa amenewo asanalowetse manambala awiri apadera aja, chifukwa pambuyo pake sadzagwiranso ntchito. Ine ndinkamva ngati nyimbo ya pakati pa mapulogalamu, ndili kalikiliki kumanga madengu. Membala wa kalabu ya omvera, osamvera. Mapepalawa ndawasunga mpaka lero, ndipo 600 meticais imeneyo ndimaitcha fizi yanga, chifukwa ndi imene inandichititsa kufunsa.

Ndinafunsa mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene anaphunzira za makompyuta konkuno ku Tete. Funso langa linali lakuti, kodi mita imadziwa bwanji kuti pepala ili ndi lakale? Ilibe maso, siiwerenga deti la papepala. Iye anandiuza kuti m'manambala 20 aja simuli mayunitsi okha ayi. Mwabisikanso nthawi imene pepalalo linagulidwa. Mita imakumbukira nthawi za mapepala amene inalandira posachedwa, n'chifukwa chake sungalowetse nambala imodzi kawiri, ndipo pepala looneka lakale kwambiri imalikana. Koma nthawiyo siilembedwa ngati mmene timalembera ife, tsiku, mwezi, chaka. Imangowerengedwa mphindi, imodzi imodzi, kuyambira pa 1 Januwale 1993.

Atatchula 1993 ndinakhala chete pang'ono. Chimenecho ndi chaka chimene mayi anga anandibereka kumbuyo kuchokera ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo, kubwerera ku Angonia, mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ndiye kuti chiyambireni ulendo umenewo panali kawotchi kena kakuwerenga mphindi mwakachetechete, ine ndikukula, ndikuweta mbuzi, ndikukwatira, osadziwa kanthu.

Vuto linali lakuti malo olembapo mphindizo ndi ochepa. Apa mphwanga anatenga bawo la agogo ake, ndipo nanenso ndikupemphani muone bawo m'maganizo mwanu. Makina sadziwa manambala athuwa a 0 mpaka 9. Amadziwa ziwiri zokha, muli kanthu kapena mulibe, monga dzenje la bawo muli nkhomo kapena mulibe. Dzenje loyamba likakhala ndi nkhomo ndiye 1. Lachiwiri likakhala ndi nkhomo ndiye 2, lachitatu 4, lachinayi 8, lachisanu 16, kumangowirikiza choncho. Ukafuna kulemba 5 uika nkhomo m'dzenje la 4 ndi la 1. Tsono tiyerekeze uli ndi maenje atatu okha. Onse akadzaza ndi 4 ndi 2 ndi 1, pamodzi 7. Nanga 8 uilemba pati? Palibe. Maenje onse amakhuthulidwa n'kuyambiranso pa ziro, monga imachitira mita ya makilomita pa njinga yamoto yakale ikafika pa 99999. Dzenje lililonse loteroli anzathu a makompyuta amalitcha bit.

Mita yathu ya magetsi nthawi anaipatsa maenje 24. Maenje 24 amasunga mphindi 16,777,216, zomwe ndi zaka pafupifupi 32. Ukawerenga kuchokera pa 1 Januwale 1993, zimadzaza pa 24 Novembala 2024, Lamlungu. Kudutsa tsiku limenelo, pepala latsopano likanaoneka kwa mita ngati logulidwa mu 1993, ndipo ikanalikana ngati lakalekale. Si kuno kokha. Dongosolo la manambala 20 limeneli, lotchedwa STS, linayambira ku South Africa ndipo likugwira ntchito m'maiko ambiri. Ndiye EDM kuno, ESCOM ku Malawi, ZESCO ku Zambia, Eskom ku Joni, onse anali pa ntchito imodzi yomweyo yotumiza manambala awiri apadera tsikulo lisanafike. Amene muli ndi abale ku Johannesburg munamva za mizere italiitali ya anthu amene anadikira mpaka sabata yomaliza.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yeniyeni, ndiye amene mumaodzera dzukani. Ndinafunsa kuti, manambala awiri aja anaonjezera maenje mu mita? Mphwanga anati ayi. Maenje akadali 24 omwe aja. Chimene anachita ndi kusintha kiyi wa mita ndi kusuntha poyambira kuwerenga, kuchoka pa 1993 kubwera pa 1 Januwale 2014, chaka chimene anatsegula mlatho wa Kassuende. N'chifukwa chake mapepala anga, opangidwa ndi kiyi wakale ndi kawerengedwe kakale, mita sinawadziwenso. Koma zaka 32 ndi zomwe zija. Mu Novembala 2045 maenje adzadzazanso. Sindikunyoza, inali nzeru yabwino, chifukwa sakanatha kuyenda nyumba ndi nyumba kuchotsa mamita mamiliyoni. Koma tinene chilungamo, nkhokwe sinakulitsidwe. Anangoikhuthula kuti iyambenso kudzaza.

Mphwanga ataona kuti ndagwira mfundo anaseka n'kunena kuti, malume, imeneyo ndi yaing'ono, yaikulu ikubwera mu 2038. Makompyuta ambiri, mafoni a Android, timabokosi ta intaneti tija timaphethira m'maofesi, ndi makina ena ambirimbiri, m'kati mwake muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga kapitawo pa esiteti. Ambiri mwa akapitawo amenewa ndi a mtundu wa Unix, umene unayambira ku Bell Labs ku America, ndipo wotchuka kwambiri masiku ano ndi Linux, amene anayambidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Akapitawo amenewa amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, nthawi imene ku Songo anali atangoyamba kumanga damu la Cahora Bassa. Mwina ena munaonapo chithunzi kapena uthenga pa foni utalembedwa deti la 1 Januwale 1970, inu musanabadwe n'komwe. Si mizimu ayi. Ndi wotchi ija itaiwala n'kubwerera pa ziro.

Kwa zaka zambiri masekondi amenewa ankasungidwa m'maenje 32, ndendende bawo lathu, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Koma dzenje limodzi, lomaliza, analipatula kuti lizinena mbali: likakhala lopanda nkhomo ndiye kuti tili kuno kwa 1970, likakhala ndi nkhomo ndiye kuti tili kuseri, 1970 isanafike. Otsala ndi 31, ndipo akadzaza onse ndi masekondi 2,147,483,647, zaka 68 ndi masiku ochepa. Adzadzaza Lachiwiri pa 19 Januwale 2038. Kuno ku Tete idzakhala 5:14 m'mawa ndi masekondi 7, nthawi imene ine ndimakhala ndili panjira ya ku Nhartanda. Sekondi yotsatira, maenje 31 aja adzakhuthuka, nkhomo n'kugwera m'dzenje loletsedwa lija. Makina amene sanakonzedwe adzaganiza kuti ndi pa 13 Disembala 1901. Agogo a agogo athu ali anyamata, kulibe mlatho, kulibe Frelimo, kulibe kanthu.

Mwina mukuti, nanga deti likalakwika pali chiyani, wotchi yanga yapakhoma inafa kalekale koma ndimadya nsima. Funsani amene foni yake inasokonezapo deti. WhatsApp imakana kutseguka mpaka ukonze. Masamba a pa intaneti amakana, chifukwa zikalata zawo zachitetezo zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye makina oganiza kuti tili mu 1901 amaona ngati zonse ndi zabodza. Ganiziraninso makina owerengera masiku a ngongole, a malipiro, a mankhwala, kapena otsegula ndi kutseka pampu pa nthawi yake. Ena adzangosokoneza deti, ena adzaima. Koma tisaopsezanenso mopitirira. Wailesi yanu ya mabatire ilibe nazo ntchito, pampu ya petulo ilibe nazo ntchito, khasu ndiye silidziwa ngakhale kuti lero ndi lachingati.

Tsono mankhwala a 2038 ndi osiyana ndi a mita aja. Kuno sanasunthe poyambira. Akukulitsa malo, kuchoka pa maenje 32 kufika 64, ngati kulumikiza mabawo awiri. Ine poyamba ndinati ndiye kuti zaka 68 zikhala 136. Mphwanga anati ayi malume, mwaiwala kuti dzenje lililonse limawirikiza linzake. Maenje 64 amasunga zaka mabiliyoni 292. Nambala imeneyo ndinamuuza alembe kawiri. Imeneyo ndiye nkhokwe yoti ngakhale zidzukulu za zidzukulu sizidzaiona itadzaza.

Ndiye ndinafunsa funso limene aliyense angafunse: ngati mankhwala akudziwika, bwanji osangothira tsiku limodzi n'kuthana nazo? Yankho lake lili pawiri, ndipo ndi limene landichititsa kuvuta pa nkhani ya kompyuta yathu.

Choyamba, makina alibe ubongo wofanana. Kachitsulo kamene kamaganiza m'kati, kotchedwa purosesa, kali m'mitundu yosiyanasiyana, ndipo mitunduyo siimvana, monga mmene m'bairro muno tilili Anyungwe, Achewa ndi Asena, aliyense ndi kayankhulidwe kake. Makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi purosesa za Intel kapena AMD. Mafoni pafupifupi onse ali ndi za mtundu wa ARM. Palinso ina monga MIPS ndi PowerPC, yopezeka m'timabokosi ta intaneti ndi m'makina akale. Ndipo m'banja lililonse muli aakulu ndi aang'ono: ena amanyamula maenje 64 pa kamodzi, ena 32 okha. Pa amene amanyamula 64, Linux inkawerenga kale nthawi m'maenje 64 kuyambira pachiyambi, ndiye kumeneko vuto ndi lochepa. Ntchito yaikulu inali pa aang'ono a 32. Sikuti iwowo sangathe ayi. Angathe kunyamula nambala ya 64 m'zigawo ziwiri, monga mwana amene sangasenze thumba lonse la chimanga koma amalitha maulendo awiri. Koma pamafunika kumuphunzitsa, ndipo mtundu uliwonse wa purosesa uphunzitsidwe m'chiyankhulo chake, n'kuyesedwa pawokha.

Chachiwiri ndinachimva msanga chifukwa chinandionekerapo ku dimba. Chaka china tinasonkha ndi anzanga atatu kugula pampu yokulirapo. Titafika nayo ku chitsime, kukamwa kwake kunali kwa mainchesi atatu, mapaipi athu onse a mainchesi awiri. Tinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, titaliza injini madzi anatuluka polumikizira kutinyowetsa tonse, ku mabedi osafika ngakhale dontho. Tinayenera kusintha mapaipi ndi zolumikizira zonse mpaka kumapeto. Makompyuta ndi chimodzimodzi. Kapitawo uja amapereka nthawi kwa mapulogalamu othandizira, iwo amapatsira ena, ena amailemba m'mafayilo. Wina akapereka nambala ya maenje 64 kwa mnzake amene akuyembekeza ya 32, zotsalazo zimasefukira pamalo pa zinthu zina, ndipo kulakwika kwake sikufuula, kumangoononga mwakachetechete. Ndiye onse olumikizana ayenera kusinthidwa pamodzi. Kusintha theka ndi koipa kuposa kusasintha n'komwe.

Mayina otsatirawa anandilembera papepala, ndiwerenga, ndipo ndikapunthwa lilime musaseke kwambiri. A NetBSD anakulitsa nthawi pa mitundu yonse ya purosesa mu 2012. A OpenBSD anatero mu 2014, ndipo iwo anangodula kamodzi, kuuza anthu awo kuti mapulogalamu akale apangidwenso. Linux inatenga zaka zambiri chifukwa sinafune kuthyola mapulogalamu akale a anthu, ndiye inaika njira yatsopano ya 64 pambali pa yakale ya 32 pa mtundu uliwonse wa purosesa zazing'ono. Mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo ndi Arnd Bergmann wa ku Germany, ndipo inafika pogwiritsika ntchito mu 2020, pa Linux 5.6. Koma ameneyo anali pampu chabe, mapaipi anali asanasinthidwe. Gulu lotchedwa Debian, la anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri amene amasonkhanitsa Linux ndi mapulogalamu masauzande n'kugawa ulere, linagwira ntchito ya mapaipiyo mu 2024, makamaka chifukwa cha purosesa za ARM za 32, ndipo inatuluka mu Debian 13 mu Ogasiti 2025.

Koma mverani ichi. Purosesa zakale za mtundu wa Intel za 32, zimene amazitcha i386, a Debian anazisiya dala ndi maenje 32. Anati phindu la mtundu umenewu masiku ano ndi kuyendetsa mapulogalamu akale amene palibenso wowapanganso, ndiye ukasintha mapaipi uwapha lero lomwe m'malo mwa 2038. Ndikamaganiza, sanalakwe. Nkhokwe yofumbwa suimangira denga lamalata. Nawonso mafoni a Android amene amayenda pa 32 akadali ndi wotchi ya maenje 32, ndipo njira imene a Google anatenga ndi kukankhira onse ku 64: kuyambira mu Ogasiti 2019 analamula kuti mapulogalamu olowa mu Play Store azikhala ndi mtundu wa 64. Maganizo ake ndi akuti pofika 2038 zakalezo zidzakhala zitatayidwa.

Zitatayidwa kuti, abale? Funso langa ndi limenelo. Kumene amapanga zinthuzi, munthu foni ikatha zaka zitatu amagula ina, ofesi imasintha makompyuta onse n'kutaya akale. Akalewo sapita kudzala. Amakwera sitima, amatsika ku Beira kapena ku Nacala, ena amadzera ku Joni, n'kudzafika kuno atapukutidwa bwino, ife n'kumati tapeza mwayi. Ndipo ife chinthu sititaya. Filiji yanga ndinaigula kwa munthu mu 2012, iyenso anaigula kwa wina, mpaka lero ikulira usiku wonse. Foni ikasweka galasi timapita nayo kwa anyamata a ku msika, batire ikatupa timamanga ndi mphira. Ndiye amene akunena kuti 2038 ndi kutali akuwerenga ndi kalendala ya anthu osintha katundu. Pa kalendala yathu, chinthu chimene tigule chaka chino n'kutheka ndithu kuti m'mawa wa pa 19 Januwale umenewo chidzakhala chikadali pathebulo. Ine ndidzakhala ndi zaka 48 Mulungu akalola, mwana wanga uja 25.

Ndikudziwa kuti akuluakulu ena pano mukukumbukira 1999, pomwe kunamveka kuti chaka cha 2000 chikamalowa makompyuta onse afa, ndege zigwa, mabanki atseka. Ine ndinali mwana wa zaka 9, ndimakumbuka anthu akugona ku tchalitchi. Kunacha bwinobwino, ndipo ambiri anati linali bodza la azungu. Vutolo linali lenileni, la mtundu womwewu: chaka ankachilemba ndi manambala awiri okha, ndiye 99 ikatha kunkabwera 00, makina n'kuganiza kuti ndi 1900. Sikunagwe zoopsa chifukwa anthu anagwira ntchito zaka zingapo kukonzeratu. N'chimodzimodzi ndi 24 Novembala 2024. M'nyumba zathu zambiri magetsi sanazime, ndiye wina anganene kuti panalibe nkhani. Panalibe nkhani chifukwa ana athu analowetsa manambala aja. Mnzanga wina wa ku dimba mpaka lero amati inali njira yotibera mayunitsi. Ndamufotokozera ndi bawo kawiri konse, amangoti iwe wadya za mphwako. Ndamusiya.

Tsopano ndibwere pa kompyuta yathu. Tasonkha 7,500 meticais, ndipo si ndalama yamasewera, muli ya amayi ogulitsa makala, muli ya achinyamata a njinga. Mawu amene tizisungamo ndi a agogo athu ofotokoza za nkhondo, za kusefukira kwa Zambezi mu 2001, nyimbo za kumunda, zinthu zoti eni ake ena pofika 2038 sadzakhalapo kuti tikawajambulenso. Pempho langa ndi lakuti opita kukagula asangoona kuwala kwa galasi ndi kukula kwa sipika. Auze wogulitsa ayatse, atsegule pamene pamalembedwa za makinawo, aone ndi maso awo ngati palembedwa 64-bit. Aone pawiri, purosesa ndi pulogalamu yoyendetsa, chifukwa zimachitika kuti purosesa ndi ya 64 koma munthu anaikamo kapitawo wa 32, ngati ngolo yaikulu yokokedwa ndi bulu mmodzi. Makompyuta ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2010 ndi a 64, ndiye sikuti tikufuna chinthu chodula, tikungopewa chakalekale chimene ena akufuna kutitayira. Ngati ili ya Windows, dziwaninso kuti Windows 11 ilipo ya 64 yokha, ndipo Windows 10 a Microsoft anasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Mphwanga akuti ngakhale pa makina a 64, pulogalamu yakale kwambiri ikhoza kukhalabe ndi wotchi yake ya 32 m'kati, ndiye yojambulira mawu tiike yatsopano, osati yokopera pa CD ya mchaka cha uje. Wavomera kuperekeza ogula Loweruka popanda malipiro, bola tiyi.

Chomwechonso amene mukuganiza zogula za sola zokhala ndi kabokosi koyendera foni, kapena mapampu amakono otsegula okha pa nthawi, funsani wogulitsa ngati pulogalamu ya m'kati mwake imatheka kuikonzanso ikafuna kusinthidwa. Mwina sadziwa, mwina akuyankhani mwamwano, koma funsani. Tizinthu ting'onoting'ono totere n'timene kawirikawiri timakhala ndi purosesa za 32, ndipo tikamangidwa pakhoma palibe amatikumbukiranso.

Kunyumba kwanga, pambali pa mita, ndalemba ndi khala kuti NOVEMBALA 2045. Mayi a kunyumba akuti ndadetsa khoma ndipo mvula ya chaka chino ichotsa, ndiye ndikufuna penti. Kachitini kaja ndinakatsitsa, masiku ano mumakhala mbewu ya repu, ndipo magetsi ndikagula ndimalowetsa tsiku lomwelo. Mapepala awiriwa ndikuwapereka kwa alembi kuti awamate m'buku la kalabu, pa tsamba la zokambirana za lero, aliyense wofuna kuona aone. A wapampando, amene ali ndi funso afunse, limene lindikanike ndilitengera kwa mphwanga, yankho ndidzabwera nalo pa msonkhano wa mwezi wamawa.